Chilimwe Chimene Buku Linaweruza a Nihoma

Fungo la kalongonda akamawira silinandichoke m'mphuno mpaka lero. Ndi fungo lolemera, ngati la dothi lonyowa losakanikirana ndi utsi, ndipo likandipeza pamsika ndimayamba ndaima kaye. Kwathu, m'munsi mwa phiri la Michesi, kalongonda, mtundu uja wa nyemba zolimba, sankaphikidwa mothamanga. Amayi ankamutereka m'mamawa, kumuwiritsa, kutaya madzi akuda bii aja kuseri kwa nkhokwe, kuthira ena, kusonkhezera moto, mpaka dzuwa kupendeka. Ngakhale mwana wamng'ono ankadziwa kuti ukadya kalongonda wosapsa mutu umazungulira, ena mpaka kuyamba kubwebweta. Choncho tsiku la kalongonda linali tsiku lokhala pansi. Azimayi a mbumba yathu ankasonkhana pansi pa mtengo wa mango wa pabwalo pathu, malichero a nandolo ali pamiyendo, uku akusenda, uku akudya miseche, podikira mphika.

Chilimwe chimene ndikunenachi ndinali msungwana wa zaka ngati khumi ndi ziwiri, dziko lino likadali m'manja mwa azungu. Bambo ankagwira ntchito ku minda ya tiyi kuseri kwa phiri la Mulanje, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Wotiyang'anira anali malume, a Gusito, mlongo wawo wa amayi. Anali munthu wofatsa mopitirira muyeso. Ukawafunsa kanthu ankayamba akanda m'mutu nthawi yaitali, mwina mpaka iwe wofunsawe kuiwala chimene unafunsa.

Sukulu yathu ya mishoni inali ya zipupa zadothi ndi denga la udzu, ndipo eni ake enieni anali chiswe. Chinkadya mabenchi, chinkadya mitanda ya denga, tsiku lina chinadya ndi chipewa cha aphunzitsi chomwe. Aphunzitsi athuwo, a Gervazio, anali ndi kabokosi kamalata kamene ankasungiramo timabuku ta nkhani, tosakwana khumi. Potsekera sukulu ankapita kwawo ku Chiradzulu tchuthi chonse, ndipo anaopa kusiya kabokosiko m'kalasi. Anandipatsa ine, chifukwa m'nyumba mwathu munali tsanja pamwamba pa moto pamene chiswe sichinkafika, komanso chifukwa m'kalasi monse ine ndi amene ndinkawerenga mokweza osachita manyazi. Anandiuza kuti ndikafuna ndiziwerenga, koma ndiziyamba ndasamba m'manja.

Mnyamata wina wa m'kalasi mwathu atamva zimenezi anaseka, n'kunena kuti msungwana sangamalize ngakhale buku limodzi, chifukwa akangotsegula tsamba amamuitana kumtondo. Ine mtima wanga ndi wapachala kuyambira kale. Ndinasenza kabokosiko pamutu, ndipo panjira yonse ndinkalumbira chamumtima kuti chitsulo cha sukulu chisanalirenso ndidzakhala nditawerenga mabuku onsewo, lililonse kuyambira pachikuto mpaka pothera. Palibe anandituma. Linali pangano langa ndi ine mwini.

Koma mnyamata uja sananame kwenikweni. Mtondo unalipo, kutunga madzi kunalipo, nkhuni zinali kuphiri. Nthawi yowerenga ndinaipeza pa masiku a kalongonda okha, pamene ntchito yanga inali kukhala pafupi ndi moto. Tsiku loyamba ndinawerenga chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Mayi aang'ono, a Sitelia, mng'ono wawo wa amayi, amene sankalola kuti chinthu chiwadutse, anati ndikuwamana. Kuyambira pamenepo ndinkawerenga mokweza, azimayi akusenda nandolo, nyenje zikulira mumtengo, utsi wa moto wolusa ukukwera m'mbali mwa Michesi.

Muyenera kudziwa kuti pamudzi pathu zosindikizidwa zimene anthu anali atazionapo zinali za mitundu iwiri yokha. Panali mabuku a kutchalitchi, panalinso mapepala a Boma onena za msonkho ndi za kalimidwe ka mizere. Mulungu ndi Boma onse awiri sankadziwika ndi nthabwala. Chinthu chikakhala m'zilembo zakuda zoongoka zija, chinali choona, ndipo wokayika ankakayikira m'mimba mwake.

Buku loyamba linali la nyama zoyankhula. Limeneli silinavute aliyense, poti mbuzi zathu tinkazidziwa kuti siziyankhula. Azimayi anati ndi nthano chabe, ndipo a Sitelia ankandidula pakati n'kumati wolembayo walakwitsa, nthanoyo simatha choncho. Lachiwiri linali la mnyamata amene anathawa kwawo n'kukwera sitima ya panyanja yaikulu ya mchere. Apa zinthu zinasintha. Mnyamatayo anali ndi dzina, anali ndi mudzi, anali ndi mayi ake. Azimayi anamumvera chisoni mayiyo, ndipo buku litatha anakwiya kuti mwana wosayamikayo sanawatumizire ngakhale kansalu. Kenaka panabwera la chikondi, la mnyamata wa ntchito ya ukalaliki amene ankafunidwa ndi atsikana awiri. Amayi ankandilamula kudumpha masamba ena, ine n'kukawawerenga ndekha kuseri kwa khola. Azimayi anagawikana pawiri, ndipo kwa masiku angapo ena sankabwerekana mchere chifukwa cha atsikana amene sanawaonepo. Linalipo lina loseketsa, la mkulu wina amene anagula njinga asakudziwa kupalasa, ndipo malume enieniwo anaseka mpaka kutsokomola, n'kufunsa ngati mkuluyo akadali moyo.

Inenso ndinkakhulupirira chimodzimodzi. Ndinkaganiza kuti kwinakwake ku Blantyre kuli munthu amene amayenda ndi pensulo kumvetsera nkhani za anthu n'kumazilemba. Buku lililonse ndikalimaliza ndinkaliika pansi pa anzake, ndipo mulu wa osawerengedwa unkachepa. Ndinkayenda monyada ngati ndine mwini sukulu. Linatsala limodzi, lochindikala kuposa onse, lopanda chithunzi pachikuto.

Kumtunda kwa mudzi wathu, pamene njira imayamba kukwera kulowera ku nsungwi za m'phiri, kunkakhala bambo wina dzina lake a Nihoma. Anabwera okha kuchokera ku dziko la Apwitikizi zaka zochepa m'mbuyomo, atasenza kabokosi kamalata pamutu, ndipo malume ndi amene anawapatsa malo. Analibe mkazi, analibe m'bale. Chinyanja ankachimva pang'ono, koma ankayankhula Chilomwe chokha, nachonso mawu owerengeka. Dzanja lawo lamanzere linali lopindika, zala zitakhwinyatira m'kati ngati phazi la nkhuku yophika. Ankaluka malichero ndi madengu, nsungwi ataipana ndi chala chachikulu cha kuphazi, mpeni uli kudzanja lamanja. Malichero onse a pabwalo pathu anali a iwowo. Ife ana tinkawaopa pang'ono, monga mmene ana amaopera munthu aliyense wosaseka, koma sanatilakwirepo kanthu.

Buku lomaliza lija ndinaliyamba tsiku lotentha kwambiri, mphepo itaima. Linali la amuna awiri ochokera ku migodi ya ku Joni. Anakwera sitima imodzi, anatsikira limodzi pa Limbe, n'kuyamba ulendo wapansi wopita kwawo. Patapita masiku, mmodzi anapezeka atafa m'mbali mwa mtsinje, mutu utaphwanyidwa. Mnzake uja, dzina lake Jailosi, sanaonekenso. Bukulo linati Jailosi anali munthu wosayankhulayankhula, wa dzanja lamanzere lopindika, ndipo womuona komaliza anamuona akulowera ku mapiri a kum'mawa atasenza kabokosi kamalata pamutu.

A Sitelia anasiya kusenda. "Tabwereza pamenepo, Rozina," anatero.

Ndinabwereza. Nyenje zokha ndi zimene zinkamveka, ndi chivundikiro cha mphika chikugwedera. Kenaka ndinaona mitu ya azimayi onse ikutembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana njira ya kumtunda. Amayi anandiuza kuti nditseke bukulo ndikasonkhezere moto, koma mawu anali atatuluka kale.

Pofika mawa lake nkhani inali itafika kuchitsime, itafika kumsika, itawoloka ndi mtsinje womwe. Anthu sankati bukulo likunena za munthu wofanana ndi a Nihoma. Ankati a Nihoma alembedwa m'buku, dzina lawo lenileni ndi Jailosi, ndipo Boma likuwafuna. Wina anakumbukira kuti sapita kutchalitchi. Wina anakumbukira kuti kabokosi kawo sanakatsegulepo pamaso pa anthu. A Sitelia anatenga lichero lawo latsopano n'kuliponya pamoto, ati sangapetere ufa wa ana m'chinthu cholukidwa ndi manja a magazi. Zoti munthuyo anachokera kwa Apwitikizi osati ku Joni, anthu anati chigawenga chilichonse chimanama kumene chachokera. Zoti buku linali lisanathe, a Sitelia anati zotsalazo n'zachiyani, munthu tamudziwa kale.

Ine ndinagwidwa ndi mantha amene sindinawaonepo chibadwire. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti a Nihoma anapha munthu, ndiponso ndinkadziwa kuti amva kuti wowaulula ndi ine. Bukulo ndinalichotsa m'kabokosi n'kukalikwirira pansi pa chimanga m'nkhokwe, poganiza kuti likakhala pafupi nane liwaitana. Pangano langa lija ndinalisiya. Tsamba likagwa kumbuyo kwanga ndinkadumpha. Popita ku nkhuni ndinkazungulira njira yaitali yodutsa m'minda ya chinangwa, minga ikundibaya, kuti ndisadutse pakhomo pawo, komabe phokoso la mpeni wawo ukung'amba nsungwi linkandipeza komweko. Kamvulumvulu akadzuka pabwalo n'kuzunguza masamba ouma, ine ndinkaona ngati akuchokera kumtunda ndipo akulunjika pa ine.

Zinthu zinakula msanga. Ana anayamba kugenda denga la a Nihoma. Masana ena tinaona utsi kumtunda, ndipo tinamva kuti anyamata ochokera kumowa atentha mulu wa nsungwi zimene a Nihoma anayanika, ntchito ya mwezi wathunthu. Kenaka amuna a m'mudzi anabwera kwa malume, poti ndi iwo anamulandira munthuyo. Ndinawamvetsera ndili kuseri kwa nkhokwe. Ena ankati nyumba yake itenthedwe achoke yekha. Ambiri ankati amangidwe ndi chingwe aperekedwe ku Boma. Aliyense ankadziwa kuti munthu wothawa kwa Apwitikizi akagwa m'manja mwa apolisi angathe kumubweza kumene anachokera, ndipo akuluakulu ankatsitsa mawu akamanena za obwezedwa. Malume anakanda m'mutu mpaka ndinaganiza kuti atuluka magazi. Pomaliza anapempha kuti awadikire mpaka Lamulungu, mapemphero akatha.

Lachisanu masana amayi anandituma kumadzi. Mtsinje wathu unali utauma, ndipo tinkatunga pa kadzenje kokumba mumchenga, kudikira madzi asonkhane n'kumatapa ndi chikho. Nthawi imeneyo kunalibe munthu. Ndinagwada pamchenga wotentha, mtsuko uli pafupi kudzaza, pamene chithunzithunzi cha munthu chinagwera pamadzi. Nditadzutsa mutu ndinaona mapazi ong'aluka, kamtolo ka nsungwi zodzaviika, ndi mpeni uli m'chiuno. Ndinayamba kunena pemphero la kulapa chamumtima, n'kuliiwala pakati.

A Nihoma anatula nsungwi zawo n'kunjuta chapatali pang'ono. Anandiyankhula m'Chilomwe, motsitsa.

"Ndiwe mwana wa a Marita, wowerenga uja?"

Ndinagwedeza mutu.

"Akuti ndili m'buku mwako. Ine sindinakumanepo ndi munthu wolemba. Bukulo latha?"

Ndinapukusa mutu. Anayang'ana madzi akusonkhana m'dzenjemo.

"Ndiye andimangira nkhani ya theka," anatero. "Mawa ndibwera kwanu. Udzandiwerengere mpaka pothera, ndimve ndekha zimene ndinachita."

Atatero anaimirira, ananyamula mtsuko wanga n'kundisenzetsa. Dzanja lopindika lija linadutsa pafupi ndi khutu langa, ndipo ndinamva kukhakhala kwake likukhudza tsitsi. Ndinayenda osacheuka, madzi akutayikira kumsana, ndipo pofika kunyumba mtsuko unali wa theka. Amayi atamva zimene zinachitika sanandikalipire za madziwo. Anangopita kwa malume, n'kubwerako atanyamula kalongonda woti aviike.

Loweruka m'mawa mphika unali pamoto. Dzuwa litakwera, a Nihoma anatsika njira ija atavala malaya awo amodzi omwewo, ochapa. Atafika m'mphepete mwa bwalo anasolola mpeni m'chiuno n'kuuika pansi, poonekera, kenaka anadzakhala padothi pansi pa mango, kukana mphasa imene amayi anawayalira. Sindikudziwa kuti anthu anamva bwanji, koma posakhalitsa bwalo linadzaza. Azimayi anakhala mbali imodzi atakumbatira ana awo. Amuna anaima. Mnyamata wina wamtali, mmodzi wa otentha nsungwi aja, anabwera ndi chingwe cha khonje atachikulunga padzanja, osachibisa n'komwe. Malume, mwina koyamba m'moyo wawo, anayankhula osakanda m'mutu. Anati munthuyu wabwera yekha kudzamva, ndiye aliyense akhale chete mpaka mwanayu atseke buku.

Ndinalowa m'nkhokwe kukalifukula. Linatuluka lili mbuu ndi fumbi la chimanga, anankafumbwe akuyenda pachikuto. Anandikhazika pa mtondo wogoneka, pakati pa bwalo, a Nihoma ali patsogolo panga pafupi kwambiri moti ndinkamva fungo la utsi m'malaya mwawo. Sindinkadziwa zimene zinali m'masamba otsalawo. Ndinkangodziwa kuti chilichonse chimene chituluke pakamwa panga chichitika. Ndikawerenga kuti anapha, amumanga pamaso panga. Ndinkaopa chingwe, ndinkaopa mpeni uli m'mphepete mwa bwalo, ndinkaopanso mawu anga omwe.

Ndinayamba. Ndikawerenga ndime imodzi ndinkaima, malume n'kuwamasulira a Nihoma m'Chilomwe. Choncho chilichonse chinkamveka kawiri, ndipo anthu ankayamba kung'ung'udza mwiniwake asanamve. Nkhaniyo inayamba ndi kuipiraipira. Apolisi anamulondola Jailosi mpaka kumugwira. Atatsegula kabokosi kake anapezamo chipewa cha malemu uja. Azimayi anafuula, mnyamata wa chingwe anasendera kutsogolo, ine ndinaleka kuwerenga. A Nihoma anadikira kuti malume amalize kumasulira. Nkhope yawo sinasinthe, koma ndinaona mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda. Anakweza dzanja lamanja pang'ono.

"Sanathe," anatero. "Pitiriza, mwanawe."

Amayi anandipatsa madzi m'chikho. Ananyamuka kukataya madzi akuda a kalongonda, kuthira ena, n'kubwerera kudzakhala kumbuyo kwanga, bondo lawo litagunda msana wanga. Ndinapitiriza. Jailosi anamutengera kukhoti. Anafotokoza kuti chipewacho mnzakeyo anachita kumupatsa posiyana pamphambano, chifukwa dzuwa linali likuswa mtengo ndipo iye analibe chovala kumutu, koma panalibe womukhulupirira. Masamba ankachepa kudzanja langa lamanja. Ndinkawamva ndi zala kuti atsala ochepa, ndipo munthuyo anali akadali m'maunyolo.

Kenaka m'nkhanimo munalowa mayi wina wogulitsa thobwa pamphambano paja. Anauza khoti kuti anawaona awiriwo akutsanzikana mwamtendere, wina kulowera kum'mawa, wina kumadzulo. Anaonanso munthu wachitatu amene anakhala tsiku lonse pamsika wake osagula kanthu, akuyang'ana njira, ndipo malemu uja atadutsa, iye anamutsatira. Munthuyo anali wa m'mudzi mwa malemu momwemo, amene anatenga mkazi wake mwiniwake ali ku Joni, ndipo ankaopa tsiku limene adzabwere. Apolisi atamupanikiza anavomera. Woweruza anauza Jailosi kuti alibe mlandu. Mzere womaliza unati Jailosi anasenzanso kabokosi kake, anapita ku mapiri a kum'mawa kumene kunalibe womudziwa, namanga kanyumba kake, nakhala chete.

Ndinatembenuza tsamba ndipo kuseri kunalibe kanthu. Malume anamasulira mpaka pothera. A Nihoma anatseka maso. Woyamba kulira anali a Sitelia. Ankadziguguda pachifuwa akunena kuti iwo ankanena kuyambira kale kuti nkhope imeneyi si ya chigawenga, ndipo panalibe amene anali ndi mphamvu zowatsutsa. Nditayang'ana kwa mnyamata wamtali uja, chingwe chinali chitasowa. Amuna anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzawagwira chanza a Nihoma, ena akuwapepesa chifukwa cha mavuto amene anaona kukhoti kuja. Iwo ankangolandira manjawo.

Kalongonda atapsa, amayi anapakula mbale yoyamba n'kuipereka kwa a Nihoma atagwada. Atadya anandiyang'ana n'kufunsa ngati tsopano ndatha. Ndinati ndatha. Ndi pamenepo pamene ndinakumbukira kuti limeneli linali buku lomaliza m'kabokosi, kuti pangano langa ndalikwaniritsa sukulu isanatsegulidwe. Ndinali nditaganizira tsiku limeneli nthawi zambiri, mmene ndidzavinire, mmene ndidzamunyogodolere mnyamata wa m'kalasi uja. M'malo mwake ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kusanza, kenaka ndinalira mpaka kugona pomwepo.

Sabata yotsatira anyamata omwe aja anakwera phiri kukawadulira a Nihoma nsungwi zina. A Sitelia anaitanitsa malichero awiri. Anthu anayamba kuwaitana a Nihoma kuti a Jailosi, ndipo alendo akabwera ankawalozera monyadira kuti pamudzi pano tili ndi munthu wa m'buku. Ine mantha anga sanathe tsiku limodzi. Kwa nthawi ndithu ndinkadutsabe pakhomo pawo mothamanga, ngakhale kuti tsiku lina ndinapeza kadengu kakang'ono, koyenera buku limodzi, katapachikidwa pakhomo pathu.

Aphunzitsi anabwera mitambo ya mvula yoyamba itayamba kuunjikana pamwamba pa Mulanje. Amayi anandiperekeza kukabweza kabokosi. Tili pakhonde pawo ndinawauza kuti ndawerenga onse, ndipo ndinawafotokozera za a Jailosi athu, mmene buku linawapulumutsira. Poyamba anaseka kwambiri. Ataona kuti amayi sakuseka, analeka.

"Rozina, imeneyi ndi nkhani yopeka," anatero. "Jailosi kulibe, sanakhalekonso. Munthu anangokhala pansi n'kuiganiza, monga mmene amachitira wa nthano."

Amayi anacheuka uku ndi uku kuona ngati pali wina amene wamva. Kenaka anasendera pafupi n'kutsitsa mawu.

"Aphunzitsi, mawu amenewo athere pakhonde pano. Munthu uja wamasulidwa ndi buku. Mukawauza kuti buku ndi bodza, chingwe chija sichinapite patali."

A Gervazio anawayang'ana amayi nthawi yaitali. Zaka zonse zimene anakhala kwathu sindinawamve akubwereza mawu aja.

Ine pobwerera ndinali wokwiya. Ndinkaganiza kuti aphunzitsi achita nsanje poti ine ndinapeza m'buku chinthu chimene iwo sanachione. Kwa ine zonse zinali zomveka: buku linkawadziwa a Nihoma, linanena zoona, ndipo choonadicho chinawapulumutsa. Zinanditengera zaka, ndi mabuku ena ambiri, kuti ndimvetse kuti wolemba uja akanatha kumaliza nkhani yake mwanjira ina iliyonse. Akanadzuka tsiku limenelo mutu ukumupweteka, Jailosi akanapachikidwa, ndipo ine ndikanawerenga zimenezo mokweza ndi mawu anga abwino aja. A Nihoma ankadziwa kuti sali m'buku. Anatsika phiri, anaika mpeni pansi, n'kudzakhala padothi kudikira mathero amene sankawadziwa, chifukwa panalibe khomo lina limene tinawasiyira.

Za dzanja lija ndinazimva ndili mayi wa ana anga, tikuchokera ku maliro a Nihoma. Amayi anandiuza kuti linathyoledwa ndi mbalamatodya, chithabwa chobowolabowola chimene Apwitikizi ankamenyera anthu m'manja thonje likaperewera. Anati iwo analizindikira tsiku loyamba lomwe, pakuti bambo awo omwe anawoloka malire ndi manja otero, ndipo akuluakulu ambiri amene anaima pabwalo paja anakulira pakati pa manja otero. Chilimwe chonse chija munthuyo anali pomwepo kumtunda, pakamwa pake pali bwinobwino, koma panalibe amene anakwera njira ija kukamufunsa kuti dzanjali linatani. Tinafunsa buku. A Nihoma anakhala nafe mpaka imvi, akuitanidwa dzina la munthu amene sanakhaleko, ndipo nthawi zonse ankavomera.